Bilu ya madzi, lendi ya miyezi 11 ndi kasitomala mmodzi wamkulu: lipoti la kugula malo otsukira galimoto

Lipoti ili ndalembera anzanga amene timathandiza anthu pogula ndi pogulitsa mabizinesi ang'onoang'ono, kaya pa mbali ya mabuku a ndalama, ya malamulo kapena ya ngongole. Mayina ndawasiya dala, ndipo mtengo ndautchula m'magawo chabe, chifukwa wogula ndi wogulitsa onse akadali pa malonda.

Wogula anali mayi wa zaka za m'ma 50, amene anali atangopuma pa ntchito ya mu ofesi n'kulandira ndalama zawo pakamodzi. Bizinesi anali asanayendetsepo. Galimoto yawo ankatsukitsa pamalo omwewo kwa zaka zingapo, ndipo zoti mwiniwake akugulitsa anazimva kwa mnyamata amene ankawatsukira. Chinawagwira mtima ndi mzere wa Loweruka. Akafika m'mawa ankapeza galimoto zitandandalika mpaka kumsewu, ndipo ali pabenchi podikira ankawerengetsera mumtima ndalama zolowa. Nditawafunsa ngati anapitako Lachiwiri masana, anati ayi, Lachiwiri ankakhala ali ku ntchito.

Malowo anali atatha zaka 7 akugwira ntchito. Panali shedi ya malata yokwana galimoto zinayi nthawi imodzi, pansi pothira konkire, makina awiri opopera madzi mwamphamvu, makina awiri okoka fumbi, thanki ya malita 5,000, kachipinda kolandirira ndalama ndi antchito 6. Nthaka inali ya lendi. Mtengo umene wogulitsa ankafuna unali wofanana ndi phindu la zaka zitatu, ndipo phindulo analiwerengera pa galimoto 35 patsiku.

Pofika kwa ine, mayiwo anali atapereka kale dipoziti popanda pepala lonena kuti ingabwezedwe. Tinayambira pamenepo. Tinalemba kalata yosainirana yotipatsa masiku 30 ofufuza, yonena kuti dipoziti ibwezedwa ngati zopezeka zisiyana ndi zonenedwa, komanso yoletsa wogulitsa kukambirana ndi wogula wina m'masiku amenewo. Bamboyo anasaina, koma monyinyirika.

Buku likuti 22, mwini akuti 35

Tinapempha buku lolembamo galimoto za tsiku ndi tsiku, masitetimenti a ku banki, mapepala a msonkho, malisiti a sopo ndi mabilu a madzi ndi magetsi, zonse za miyezi 24. Chaka chimodzi sichikwanira pa bizinesi yotere chifukwa imayenda ndi nyengo. Kumwamba kukada anthu satsukitsa, ndipo mvula ikachuluka chaka china, mabuku a chaka chimenecho sangakuuzeni mmene malo amayendera nthawi zonse.

Titaphatikiza masiku onse n'kugawa, buku linaonetsa galimoto 22 patsiku. Ndalama zolowa ku banki zinkagwirizana ndi 22 yomweyo, za msonkho chimodzimodzi. 35 sankaoneka paliponse. Titafunsa, bamboyo sanachite nazo manyazi. Anati: "Mayi, inu mukudziwa mmene malonda a ndalama zapamanja amayendera. Si zonse zimalowa m'buku. Ngati mukufuna umboni, taonani bilu ya madzi."

Mfundo yawo inali ndi mutu. Bilu inkaonetsa pafupifupi malita 105,000 pamwezi, kutanthauza malita 3,500 patsiku. Pa kachitsulo komata pa makina opopera panalembedwa malita 12 pa mphindi. Tinaima ndi wotchi pambali pa otsuka, n'kupeza kuti pa galimoto yaing'ono chopopera chimakhala chotsegula pafupifupi mphindi 6, omwe ndi malita 72. Kuwonjezera ndowa za sopo, kutsuka makapeti ndi kukokolola matope pansi, tinafika pa malita 100 pa galimoto. Mukagawa 3,500 ndi 100 mupeza 35. Masamu ankaikira kumbuyo wogulitsa ndendende, ndipo mayiwo anati basi tisaine.

Ndinawapempha kuti adikire, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ngakhale zikanakhala zoona, ndalama yosalembedwa si yoti wogula ailipire. Banki siiwerengera pobwereketsa, mwini watsopano akaiika m'buku msonkho umadyako, ndipo palibe pepala limene angagwire pokadandaula ikapezeka kuti kulibe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chachiwiri, umboni wina sunkavomereza. Sopo ndi polishi ya matayala zimene zinkagulidwa pamwezi zinali zokwanira galimoto za m'ma 20. Magetsi sanakwere. Ndipo titaika mabilu a madzi a miyezi 24 pamzere, tinaona kuti bilu inalumpha mwezi umodzi, pafupifupi miyezi 15 m'mbuyomo, n'kukhazikika pamwamba pomwepo, pomwe m'buku simunasinthe kanthu. M'miyezi ya mvula buku linkatsika kwambiri, bilu n'kungotsika pang'ono.

Ndiye tinachita mayeso osafuna ndalama. Madzulo atatseka, tinadikira kuti thanki idzaze n'kutseka valavu yake, chifukwa thanki yosadzaza imakoka madzi usiku n'kusokoneza zonse. Tinatseka mipopi yonse ndi ya kuchimbudzi yomwe, n'kujambula mita ya madzi 6 koloko madzulo. 6 koloko m'mawa tinajambulanso. Mita inali itayenda malita 600 popanda wotsegula mpopi. Amenewo ndi malita 50 pa ola, 1,200 patsiku. Mukachotsa pa 3,500 patsala 2,300, madzi a galimoto 23. Pulambala atabwera anapeza paipi yong'aluka pansi pa konkire, pakati pa mita ndi thanki, madzi akulowa m'miyala ya pansi n'kutulukira m'ngalande. Pamalo otsukira galimoto pansi pamakhala ponyowa tsiku lonse, choncho kudontha kotere kukhoza kutha chaka popanda wokuzindikira.

Sitinataye nthawi kukangana zoti bamboyo ankadziwa kapena ayi. Tinangoika zithunzi ziwiri za mita patebulo. Kuwonjezera apo, munthu amene tinamutuma kuwerenga galimoto kwa masabata awiri anabwera ndi 15 mpaka 19 pakati pa sabata, ndi zopitirira 40 Loweruka. Zinagwirizana ndi buku.

Anzanga ambiri timadalira bilu ya madzi poyeza chilungamo cha mabuku pa bizinesi iyi, ndipo njirayo ndi yabwino. Koma bilu imaonetsa madzi odutsa pa mita, osati galimoto zotsukidwa. Isanakhale umboni, mita iwerengedwe usiku.

Kutsika kuchoka pa 35 kufika pa 22 kumachotsa ndalama zolowa zopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu, koma phindu limagwa kuposa pamenepo, chifukwa lendi ndi malipiro a antchito sizitsika galimoto zikachepa. Panalinso china. Bamboyo ankakhala okha pa kachipinda ka ndalama masiku 6 pa sabata, koma malipiro a ntchito imeneyo sanawaike pa zowonongedwa. Titaika malipiro a munthu woyang'anira malo, phindu lenileni linatsala losakwana theka la limene linanenedwa.

Nthaka ya eni

Pepala la lendi linabwera mochedwa, titalipempha mobwerezabwereza. Linali litatsala ndi miyezi 11. Munalibe ufulu wowonjezera nthawi, munali ndime yoletsa kupatsira wina malowo popanda chilolezo cholembedwa cha eni nthaka, ndipo ndime ina inkati chilichonse chomangidwa pansi chimatsalira eni nthaka lendi ikatha. Shedi, konkire, ngalande ndi dzenje la madzi akuda, zimene zinatenga gawo lalikulu la mtengo, sizinali zoti mayiwo angazule n'kupita nazo kwina. Makasitomala nawonso amatsata malo amene ali pa njira yawo.

Wogulitsa anati tisadandaule, eni malo ndi anzawo a kalekale. Ine ubwenzi wa wogulitsa ndi eni malo sindiuwerengera, chifukwa sugulitsidwa limodzi ndi makina. Tinakakumana nawo tokha. Tinapeza kuti mkuluyo anali atasiyira ana ake kuyendetsa za lendi, ndipo anawo anali ataganiza kale zokweza kwambiri pepala lakale likatha. Zokambirana zinatenga nthawi kuposa china chilichonse pa nkhaniyi. Pomaliza tinagwirizana lendi yatsopano ya zaka 5 m'dzina la mayiwo, yokhala ndi ufulu wowonjezera, kakwezedwe ka chaka ndi chaka kolembedweratu, mawu omveka oti malowo ndi otsukira galimoto, komanso ndime yonena amene amalipira paipi ya pansi ikawonongeka. Lendi inakwera ndithu, ndipo kukwerako tinakuchotsa pa phindu powerengera mtengo. Mu mgwirizano wogula tinalemba kuti popanda lendi yatsopano yosainidwa, palibe malonda.

Zimene zinali pansi pa chivundikiro

Kumapeto kwa ngalande kunali chivundikiro cha chitsulo chimene mayiwo anali asanachionepo, ngakhale ankadutsa pomwepo. Pansi pake pali dzenje la zipinda zitatu. M'chipinda choyamba mchenga ndi matope zimakhazikika pansi. M'chachiwiri oilo amayandama pamwamba, popeza ndi wopepuka kuposa madzi. Paipi yotulutsa imatunga madzi cha m'munsi, kuti oiloyo atsalire. Titatsegula tinaika ndodo, ndipo sinalowe ngakhale kutalika kwa mkono. Matope akuda onunkha dizilo anali atadzaza mpaka pakamwa pa paipi, kotero madzi a sopo ndi oilo ankangodutsa pamwamba osasefedwa. Antchito anatiuza kuti ankatsukanso mainjini ndi mankhwala amphamvu ochotsa girizi. Mankhwala oterewa amasakaniza oilo ndi madzi moti sayandamanso, ndipo ngakhale dzenje loyera limalephera kumugwira.

M'madera ambiri, kutaya madzi a bizinesi yotere kumafuna chilolezo chapadera kuchokera kwa oyang'anira za madzi akuda kapena za chilengedwe, chosiyana ndi laisensi ya malonda. Chilolezo cha pamalopa chinali m'dzina la wogulitsa ndipo chinali chitatha. Oyendera akabwera salimbana ndi mwini wakale, amalimbana ndi amene amupeza. Tinagwirizana kuti wogulitsa apopetse dzenjelo kwa anthu ovomerezeka kutaya zinyalala zotere, atipatse lisiti, akonzetse paipi yodontha ija, ndipo pempho la chilolezo chatsopano lilowe tsiku lopatsana makiyi lisanafike.

Za makina sindichulukitsa. Makaniko anatsegula pampu zonse ziwiri. Ina inali bwino. Ina oilo wake anali woyererako, chizindikiro choti masilo atha ndipo madzi akulowa mkati. Tinaiwerengera ngati yotsala pang'ono kufa.

Kampani ya mlamu

Pa galimoto 22 za patsiku, pafupifupi 7 zinkachokera ku kampani imodzi yonyamula katundu, imene inkalipira pakutha pa mwezi, nthawi zina mochedwa. Limenelo linali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zolowa, ndipo ndi limene linkadzaza masiku a pakati pa sabata. Mgwirizano wolembedwa panalibe. Amene anatiululira chifukwa chake ndi mmodzi wa otsuka, tikucheza naye pa nthawi yopuma: woyang'anira galimoto ku kampaniyo anali mlamu wa wogulitsa.

Apa ndinauza mayiwo poyera kuti kubwerera m'mbuyo sikulakwa, ndipo dipoziti yawo inali yotetezeka. Anasankha kupitiriza, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka. Malowo ali pa njira yodutsa anthu ambiri, lendi ya zaka 5 inali m'manja, mzere wa Loweruka unali weniweni, ndipo pakati pa sabata shedi inkakhala ndi mpata woti munthu wakhama angaudzaze. Ntchito yanga inatsala yoonetsetsa kuti asalipire kasitomala amene mwina sakhala.

Tinapempha kampaniyo kuti isaine mgwirizano wa chaka. Anazemba. Choncho tinagwirizana ndi wogulitsa kuti 20 peresenti ya mtengo ikhale m'manja mwa loya kwa miyezi 6. Kampaniyo ikapitiriza kubweretsa galimoto zosachepera magawo awiri mwa atatu a zimene inkabweretsa, ndalamayo ipite kwa wogulitsa. Ikalephera, ibwerere kwa wogula. Ife tinkafuna kuti kampaniyo ikangosiya, ndalama ibwerere pasanathe masiku 14. Loya wa wogulitsa anaumirira kuti kuwerengera kuchitike pakutha pa miyezi 6, ndipo mayiwo anavomera posinthana ndi kutsitsa mtengo pang'ono. Ndime imeneyi inadzawavutitsa kutsogolo.

Mmene mgwirizano unakhalira

Bizinesiyo inali yolembetsedwa ngati kampani, ndipo wogulitsa ankafuna kugulitsa masheya ake, poti ndi njira yachidule. Tinakana. Wogula masheya amatenga kampani ndi mbiri yake yonse, ngongole za msonkho ndi milandu yomwe sakuidziwa. Pamalo pamene mwini wanena yekha pakamwa kuti ndalama zina sizilowa m'buku, kutenga mbiri ya msonkho ya kampaniyo kukanakhala kudziputira. Mayiwo analembetsa bizinesi yawoyawo n'kugula katundu: makina, thanki, zipangizo, dzina la pachikwangwani ndi nambala ya foni imene makasitomala ankaidziwa. Chilichonse chinalembedwa pa mndandanda ndi nambala yake ya ku fakitale.

Kufufuza kwa loya kunapeza kuti pampu yabwino ija ndi makina amodzi okoka fumbi zinali chikole cha ngongole yosatha. Ngongoleyo inalipiridwa kuchokera pa mtengo, ndalama kupita kwa obwereketsa mwachindunji, iwo n'kupereka kalata yomasula katunduyo. Antchito analibe makalata a ntchito, ndipo ena anali ndi masiku a tchuthi a zaka zingapo osalipidwa. Malamulo a zimene zimachitikira antchito bizinesi ikasintha mwini amasiyana dziko ndi dziko, ndiye apa loya ndi amene anatsogolera. Zonse zimene antchito ankayenera kulandira zinawerengedwa n'kuchotsedwa pa mtengo. Wogulitsa anasainanso kuti satsegula malo ena otsukira galimoto m'dera loyandikana kwa zaka zitatu, komanso kuti akhala pamalopo masabata awiri akudziwitsa mayiwo kwa makasitomala. Tinawonjezera inshulansi yoteteza galimoto za makasitomala zikakhala m'manja mwa antchito, imene malowo analibe.

Mtengo womaliza unapitirira pang'ono theka la woyamba uja. Ndinalangiza kuti ndalama yokwana lendi, malipiro, madzi ndi magetsi a miyezi itatu ikhale pa akaunti ina yosakhudzidwa. Mayiwo anavomera pakamwa, koma mtima wawo unali pa chipinda chodikirira chokhala ndi mipando yawofuwofu, ndipo pofika mwezi wachiwiri theka la ndalamayo linali litapita kumeneko.

Zitatha izi

Mwezi woyamba anayambitsa matikiti a manambala: galimoto iliyonse yolowa ipatsidwe tikiti, ndalama zilipiridwe pa kachipinda pokha, ndipo wotsuka alandire kagawo pa tikiti iliyonse pamwamba pa malipiro ake. Antchito awiri sanazikonde ndipo anachoka. Amene tinkaopa kuti angachoke ndi bambo wina wachikulire, amene anayamba ndi malowo ndipo makasitomala ambiri a Loweruka ankamufuna ndi dzina. Mayiwo anali atacheza naye asanasaine, n'kumufunsa chimene chimamuvuta pa ntchito. Sanatchule malipiro poyamba. Anati: "Mayi, tigulireni nsalu zatsopano ndi ndowa zina. Nsalu yomweyo tipukutire matayala, yomweyo tipukutire boneti, tikukala galimoto za anthu." Anawaonetsa chitseko cha galimoto yakuda padzuwa, timizere tozungulira tili mbwee. Mayiwo anagula nsalu za mitundu yosiyana, za matayala pazokha, ndi ndowa yachiwiri yotsukuluzira mchenga nsalu isanabwerere mu sopo. Bamboyo anakhala, ndipo ndi amene anaphunzitsa olowa m'malo mwa ochoka aja.

Mwezi wachitatu mnyamata wina posuntha galimoto ya kasitomala anagunditsa pa mzati wa shedi. Inshulansi inalipira. Kuyambira pamenepo makiyi amagwira munthu mmodzi yekha, wokhala ndi laisensi.

Mwezi wachinayi kampani ija inasiya kubwera, osatsanzika. Zinakumanizana ndi mvula, ndipo pampu ya oilo woyererako ija inafa mwezi womwewo. Ndalama yobwerera inali yodziwika kuti ndi ya mayiwo, koma inali yotsekeredwa kwa loya mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi, ndipo yosungira mavuto inali itatsala theka. Kwa miyezi iwiri analipira antchito kuchokera m'thumba mwawo, akugwira ntchito ndi pampu imodzi, Loweruka anthu ena n'kumabwerera chifukwa chotopa kudikira. Ndalama yosungitsa kwa loya imateteza mtengo, koma siilipira malipiro a mwezi umene vuto lagwa. Amene mukulemba ndime yotere, limbanirani tsiku lobwezera mofanana ndi mmene mumalimbanira kuchuluka kwake. Nthawi itakwana wogulitsa anayesa kutsutsa, akuti kampaniyo inachoka chifukwa cha katsukidwe. Ndimeyo sinkanena za chifukwa, inkanena za chiwerengero cha galimoto, ndipo matikiti anali umboni. Ndalama inabwerera, pampu yatsopano n'kugulidwa.

Pa miyezi 14 chigulireni, bilu ya madzi inali itatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Galimoto zinali pafupifupi 20 patsiku popanda kampani ija. M'malo mwake mayiwo anapeza makampani ang'onoang'ono atatu, iliyonse ndi pepala lake ndi tsiku lolipira, ndipo palibe imene imapitirira 10 peresenti ya ndalama zolowa. Anayambitsanso khadi la pamwezi la otsukitsa pakati pa sabata, limene likuyenda pang'onopang'ono. Bizinesi ikuwalipira malipiro a woyang'anira ndi kaphindu pamwamba. Mmene zikuyendera, ndalama imene anaika idzabwerera pa zaka pafupifupi zinayi.

Pakali pano akufuna kuika makina osefa madzi kuti azigwiritsidwanso ntchito. Ndawalangiza kuti ayambe adzazanso akaunti ya miyezi itatu ija, chifukwa lendi ikukwera chaka chino monga mwa pepala, ndipo pampu yakale yotsalayo yayamba kutaya mphamvu ikatentha.